Edmore Anapita ndi Malalanje

Sitima ya m'mawa yochokera ku Mabopane sidziwa kuti uyu ndi bambo wa mwana kapena uyu wavala malaya osita. Ikamafika pa Soshanguve imakhala itadzaza kale, ndipo wokwera amapanikizika ngati usipa m'dengu. Koma Edmore Chimbalanga anali ndi pakona pake pafupi ndi chitseko, pomwe ankaima chikwama chili pakati pa miyendo, foni ili m'manja. Ena m'sitimamo ankaimba nyimbo za tchalitchi, ena ankagulitsa maswiti ndi mabatire. Iye ankawerenga ndime imodzi mobwerezabwereza mpaka kukafika m'tauni ya Pretoria, kufunafuna pamene munthu wachilendo angapunthwe.

Ntchito ya mimba inali yokonza mapulintala pa kakampani kena ku Pretoria West. Ntchito ya mtima inali ina, ndipo inalibe malipiro ngakhale a sopo. Edmore anali msungi wa buku la malamulo la Velmo.

Ndifotokoze pang'ono, poti si tonse tinabadwira m'kompyuta. Velmo ndi chilankhulo chimene anthu amalembera malangizo oti kompyuta itsate. Ndi chaulere, ndipo za m'kati mwake zili poyera: aliyense atha kuchitenga, kuona mmene chinapangidwira, ndi kuthandiza kuchikonza. Kutchuka ndiye sichinatchuke. Ankachigwiritsa ntchito alimi ena powerengera madzi othirira, masukulu angapo, ndi timakampani tosakwanitsa kugula zodula. Anachiyambitsa ndi bambo Aziz, mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito wa ku Laudium, dera lina la ku Pretoria komweko, ndipo ochithandiza anali omwazikana m'mayiko ambiri. Nkhope sankaonana, ankangokumana pa tsamba la pa intaneti limene ife tilitche bwalo.

Tsono pali zinthu ziwiri. Pali pulogalamu imene imamva Velmo n'kuchita zimene yauzidwa, ndipo pali buku lonena zimene pulogalamuyo iyenera kuchita. Ziwirizi zikasemphana, wolakwa amakhala pulogalamu, woweruza ndi buku. Anzake ankalitcha speki. Edmore ankangoti buku, monga mmene anthu a kutchalitchi amanenera lawo lija.

Analowamo mwangozi zaka zambiri zapitazo. Anawerenga ndime ina katatu osamva kanthu, ndipo analemba pabwalo mwamantha kuti mwina ndi mutu wake wouma, koma apa sipakumveka. Bambo Aziz anamuyankha okha kuti, “Mutu wanu ulibe vuto. Konzani.” Anakonza. Anakonzanso pena, kenako pena, mpaka tsiku lina mkuluyo anamupatsa chilolezo chonse cha buku, kuti pasalowe kapena kutuluka chiganizo iye osavomera. Anaonanapo kamodzi kokha, pa kamsonkhano ka m'holo ya sukulu ina, ndipo bambo Aziz anamugwira dzanja ndi manja awiri n'kuuza anthu kuti, “Uyu ndiye mlembi wathu.” Edmore anabwerera ku Soshanguve tsiku limenelo osamva n'komwe kuti nsapato zikumuluma.

Musadabwe naye. Munthuyu anabadwira pa komboni ya mgodi ku Zimbabwe, agogo ake atachokera ku Ntcheu kalekale. Ku Zimbabwe ankamunena kuti ndi wa ku Nyasalande, wopanda mudzi. Atapita ku Malawi kukaona manda a makolo, anthu anamuseka Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona, n'kumamutcha mlendo. Kuno ku Joni ndiye musanene, wina aliyense wovala yunifolomu amatha kumufunsa mapepala. Malo amodzi okha padziko pano amene dzina lake linaima popanda womufunsa kuti kwanu n'kuti anali tsamba loyamba la buku lija. Iye sankanena zimenezi kwa munthu, koma bukulo linali mudzi wake.

M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, mitengo ya jakaranda itayala maluwa ake m'misewu, Edmore anatsegula bwalo ali m'sitima n'kupeza pempho latsopano. Analilemba ndi Sipho, mnyamata wa ku Centurion amene anali atagwira ntchito yaikulu yofulumizitsa pulogalamu. Sipho sanali woipa, tisamunamizire. Anali chabe wa mtundu uja woona nyumba yakale n'kuyamba kuwerenga njerwa zimene zingatulukemo. Ganizo lake linali loti buku lolembedwa ndi manja lipume. M'malo mwake makina azisanthula pulogalamu n'kumatulutsa okha masamba onena zimene ikuchita, kuti buku ndi pulogalamu zisamasemphanenso. Anaikapo ndi mawu amene bambo Aziz ananenapo kale kwinakwake, oti chimene pulogalamu ikuchita ndicho anthu amakhala nacho.

Pansi pake panali yankho la bambo Aziz, lalifupi ngati moni wa munthu wothamangira basi: “Ndaona. Ena anenepo.”

Edmore anaona ngati mkuluyo wavomera. Bwaloli linali ndi mwambo wake, ndipo anaulemba m'buku ndi iye mwini: pempho likaikidwa poyera n'kutha milungu iwiri popanda wolitsutsa poyera pomwepo, ndiye kuti lavomerezedwa. Kukhala chete ndi kuvomera. Mwambowu unali wothandiza, chifukwa anthu ogwira ntchito yaulere sungawasonkhanitse kuti akweze manja. Koma tsopano unali utamutembenukira ngati galu amene unamulera wekha.

Nthawi ya nkhomaliro anakhala kuseri kwa shopu pa bokosi la pulintala yakufa, laputopu pamaondo, n'kuyamba kulemba yankho. Mfundo anali nazo, zinkachita kusefukira. Buku si kalilole woonetsa zimene pulogalamu ikuchita, ndi chingwe cha mmisiri choonetsa pamene khoma lapindika. Ukalemba malamulo pongotsatira pulogalamu, ndiye kuti cholakwika chilichonse chimene chili m'menemo chasanduka lamulo. Ndipo zolakwikazo ankazidziwa. Chachikulu chinali ichi: munthu akagawa nambala ndi ziro, chinthu chosatheka ngakhale kwa mwana wa pulayimale, buku linkati pulogalamu iime n'kuchenjeza. Koma panali njira ina imene pulogalamu inkangoyankha kuti ziro, mwakachetechete, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mlimi wodalira yankho limenelo atha kuuzidwa kuti munda wake sukufuna madzi.

Analemba zonsezi bwinobwino. Kenako anafika pofunika umboni, chifukwa pabwalo sukhulupiriridwa ndi pakamwa pokha, umaloza mzere weniweni. Ndipo mzere uliwonse m'pulogalamu umayenda ndi dzina la amene anaulemba. Pa mzere wa ziro panali dzina la bambo Aziz. Pa cholakwika chachiwiri, bambo Aziz. Chachitatu chimodzimodzi, zonse za zaka zoyambirira pamene mkuluyo ankagwira yekha.

Zala za Edmore zinaima. Anakumbukira bambo ake, a Yobu, amene anali mkulu wa mpingo pa komboni ija. Tsiku lina mnyamata wina anaimirira m'tchalitchi kukonza mlaliki wokalamba amene anatchula molakwika mutu wa m'Baibulo. Mnyamatayo ananena zoona, koma pobwerera kunyumba a Yobu anauza ana awo kuti, “Wamkulu akaiwala kutseka zipi, sumakuwa pagulu. Umamukokera pambali.” Mawu amenewa anamera mizu mwa Edmore. Tsono iye ayale zolakwa za bambo Aziz pamaso pa dziko lonse, munthu amene anamugwira dzanja ndi manja awiri? Munthunso amene, mmene iye ankaonera, anali atagwedezera kale mutu pempho la Sipho? Anafufuta zonse, n'kubwerera kukatsegula mimba ya pulintala.

Mkazi wake Malita ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Garsfontein, ndipo ankabwera kunyumba Lachisanu madzulo. Anamupeza mwamunayo atakhala pakhomo, tiyi atazizira m'kapu, ndipo sanachedwe kumufunsa. Edmore anafotokoza zonse, kuyambira kwa Sipho mpaka kwa ziro. Malita za ziro sanazimvetse, koma zinazo anazimva bwino.

“Ndiye mwalembapo chiyani pamenepo, abambo a Fadzai?”

“Sindinalembe. Si nkhani yolemba pagulu imeneyi. Mawa ndipita ku Laudium ndikaonane nawo okha.”

“Eish. Inu mwanena nokha kuti lamulo lake ndi loti munthu anene poyera. Lamulo munalemba ndinu.”

“Lamulo ndi lamulo, mayi a Fadzai, koma ulemu ndi ulemu. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndikakawafotokozera pambali, iwo adzapeza okha njira yobwezera zinthu, popanda wochita manyazi.”

Malita anavula nsapato n'kuyamba kusisita mapazi otupa. “Ine kwa madamu kuja ndinaphunzira chimodzi. Kuno ukapanda kunena kuti ndili ndi njala, amati wakhuta. Sakubisira, sakudana nawe, amangoti wakhuta basi. Chetechete sautsa nyama.”

“Bambo Aziz si madamu ako,” anatero Edmore, mawu atakwera pang'ono. Malita ananyamula chikwama chake n'kulowa m'nyumba.

Loweruka anavala jekete la kutchalitchi. Anakwera thekisi mpaka ku Marabastad, komwe anasankha malalanje limodzi limodzi, kulifinya ndi kulinunkhiza, mpaka mayi wogulitsa anamufunsa ngati akukafunsira mbeta. Kwa wamkulu supita chimanjamanja. Anakweranso thekisi ina ya ku Laudium, thumba la malalanje pamiyendo, akubwereza mumtima mmene akayambire. Akayamba ndi za moyo, kenako za mvula yochedwa, kenako pang'onopang'ono akafika pa buku, ndipo za ziro akazitchula ngati chinthu chimene iye mwini sakuchimvetsa, kuti mkuluyo achite ngati wachitulukira yekha.

Chitseko anatsegula ndi mayi wina wachitsikana, mwana wawo wa bambo Aziz, dzina lake Rabia. Anamulandira mwaulemu pa Chingerezi, koma anaima pakhomo pomwepo. Anati bambo ake angotuluka kumene m'chipatala, mtima unawavuta, ndipo panopa agona. Adokotala aletsa alendo.

“Pali uthenga woti ndiwauze?” anafunsa Rabia.

Apa ndiye panali pothawira pomaliza, koma Edmore sakanatha. Zolakwa za bambo uzitule kwa mwana wake, pakhomo, bamboyo ali chigonere? Anapereka malalanje ndi manja awiri.

“Muwauze kuti mlembi wawo anabwera kudzawazonda. Ndili ndi kankhani ka buku. Akapeza mphamvu adzandiitana.”

Pobwerera mtima wake unali utapepukako. Kwa iye nkhani inali itatulidwa. Munthu wadzuka ku Soshanguve, wakwera mathekisi awiri, wavala jekete, wanyamula mphatso, n'kunena kuti ali ndi kankhani: ndani sangadziwe kuti kankhaniko ndi chinkhani? Kwawo, wamkulu akamva choncho sagona tulo, amatuma munthu kukakuitana. Chotsala chinali kudikira, ndipo kudikira Edmore ankakudziwa, anakuphunzira pa mizere ya ku maofesi a mapepala.

Anadikira. Foni ankaiika m'thumba la malaya, la pamtima, kuti ikangonjenjemera aimve ngakhale m'phokoso la sitima. Ikalira ankapeza ndi kasitomala wa pulintala yodya mapepala. Pabwalo anthu ankabwera mmodzimmodzi. Wina wa ku Brazil anaika chala cham'mwamba chosonyeza kuvomera. Wina wa ku Poland anati zimupulumutsa ku ntchito yosintha zinthu pawiri. Mayi wina wa ku Kenya anafunsa ngati sipatayika kanthu, ndipo Sipho anamuyankha kuti amene akudziwa bwino zimenezo ndi msungi wa buku, ndipo kukanakhala vuto akananena. Mayiyo anati chabwino. Edmore anawerenga zimenezi ataima pakona pake, ndipo anamva chisoni chosakanizika ndi manyazi. Kukhala chete kwake kunali kutayamba kugwira ntchito kumbali ya Sipho.

Pakati pa mlungu wachiwiri Sipho anamuimbira foni masana.

“Heita, bra Edmore! Muli shapu? Mwangoti zii pabwalo paja. Ine sindikufuna kukupondani, bra. Speki ndi mwana wanu. Ngati pali vuto, lembani.”

“Nkhaniyi ndinaitula kale kwa eni ake,” anayankha Edmore.

Sipho anaseka, osati monyoza. “Eni ake ati? Eni ake ndi tonsefe, bra. Za pafoni siziwerengedwa, za pakhomo pa munthu siziwerengedwa. Mukudziwa inu. Lembani pabwalo, ngakhale mzere umodzi woti dikirani kaye. Ine ndidikira, shuwa.”

Mzere umodzi. Edmore anatsegula malo olembera tsiku lomwelo, ndipo anaulembadi: Dikirani kaye. Koma anadziwa kuti funso lotsatira lidzakhala loti chifukwa chiyani, ndipo yankho lake linali ndi dzina la munthu wodwala mtima. Komanso, atatula kale nkhani kwa wamkulu, kukailankhulanso pagulu mkuluyo asanayankhe kukanakhala kumudumpha, ngati kunena kuti ulendo wa ku Laudium unali wachiphamaso. Anaganiza zoimbira Rabia, n'kuona kuti kumeneko ndi kukakamiza wodwala. Njira iliyonse imene ankayang'ana inali ndi bambo ake a Yobu ataima pakati. Anafufuta mzere uja. Anadziuza kuti bambo Aziz ndi munthu wanzeru, akudikira tsiku lomaliza kuti alankhule kamodzi n'kutseka nkhani.

Tsiku lomaliza linafika, linadutsa. M'mawa mwake, sitima isanafike n'komwe pa Akasia, uthenga wa Sipho unali pabwalo. Anathokoza onse. Anati palibe amene watsutsa, ngakhale msungi wa buku, choncho pempho ladutsa ndipo zokambirana zatsekedwa. Anawonjezera mawu okoma onena za zaka zimene Edmore anatumikira, ndipo anthu anaika timitima tofiira pansi pake. Edmore anayang'ana timitimato mpaka maso anachita chidima. Mayi wina amene anapanikizana naye anamufunsa m'Chisotho ngati akudwala, iye anangopukusa mutu.

Foni ya bambo Aziz inabwera Lamulungu masana, iye ndi Malita atangofika kuchokera kutchalitchi. Edmore anaimirira poyankha, ngati mkuluyo akumuona.

“Edmore,” anatero mawu ofooka, opumira m'mwamba. “Bwanji simunalembe?”

“Bambo, ndinabwera kunyumba. Ndinasiya uthenga.”

“Rabia anandiuza. Ndinasangalala kwambiri. Ndinati, eya, mlembi wadzuka, ayankha. Tsiku lililonse ndinkamupempha mwanayu anditsegulire bwalo, ndione ngati mwalemba.”

Edmore anadabwa. “Ine ndimayesa inu munavomera. Munati mwaona.”

“Ndinati ena anenepo. Ena ake ndani, kupanda inu? Ine ndikalankhula koyamba, onse amangonditsata ngati nkhosa, zokambirana zimathera pomwepo. N'chifukwa chake ndinasiya kulankhula koyamba. Ndinkadikira inu muyale mfundo, ine ndibwere pambuyo panu.”

“Mfundo zake, bambo...” anatero Edmore. “Mfundo zake zinali zolakwika za m'pulogalamu. Za ziro zija, ndi zina. Pali dzina lanu pamenepo. Sindikanatha kukuvulani pagulu.”

Kunamveka kutsokomola, ndipo Edmore anazindikira mochedwa kuti mkuluyo akuseka, kuseka kopanda chimwemwe. “Dzina langa lili pamenepo kuti anthu adziwe wokamufunsa. Ndinaika zonse poyera dala, kuti wina adzandigwire. Zaka zonsezi ndimati ndapeza munthu wondigwira.”

“Ndiye mubweze, bambo. Mawu anu amodzi okha.”

“Sindingathe. Mwambo womwe uja umandimanga inenso. Ndikauthyola lero chifukwa ndine Aziz, mawa palibe adzaukhulupirire, ndipo ine masiku anga ndi owerengeka. Ndikufuna ndisiye bwalo loyenda lokha.” Kenako anapitiriza. “Za zirozo mutha kukazilemba ngati cholakwika, ndipo muzilembe. Koma mudzaloza chiyani? Kale munkati buku likuti chakuti. Tsopano adzakuyankhani kuti masamba akuti ziro, pulogalamu ikuti ziro, vuto lili pati?”

Edmore anamva mawu a Rabia chapatali akuuza bambo ake kuti zakwana, apume.

“Malalanje aja anali okoma,” anatero bambo Aziz. “Ndinadya onse.” Foni inaduka.

Malita anali ataima pakhomo la kuchipinda, duku la kutchalitchi likadali kumutu. Anali atamva mbali imodzi yokha, koma inamukwanira. Mkazi wina akanati ndinanena ine. Iye anangopita kukatenga mpando n'kuuika kumbuyo kwa mwamuna wake. Edmore anakhala pansi n'kulira, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, kogwedeza mapewa. Sankalirira buku lokha. Ankalira chifukwa ulemu umene anausunga ngati dzira moyo wake wonse ndi umene unamuphera chinthu chokhacho chimene anamanga, ndipo munthu amene ankamutchinjirizayo sanafune n'komwe kutchinjirizidwa.

Koma nkhani inali isanathe naye. Lolemba Sipho analembanso, mwaulemu ndithu. Chilolezo cha buku chinali ndi munthu mmodzi yekha, choncho woti alitseke n'kuliika kosungira zakale anali Edmore yemweyo. Anamupemphanso kuti alembe mawu ochepa pa tsamba loyamba, olozera owerenga ku masamba atsopano. “Palibe amalemba zomveka ngati inu, bra,” anatero Sipho, ndipo ankanenadi zoona.

Anachita zimenezi nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa shopu, pa bokosi lomwe lija. Asanatseke anayenda m'bukumo mutu ndi mutu. Apa ndi pamene anakangana ndi munthu wa ku Germany mwezi wathunthu. Apa anapalemba Fadzai atangobadwa, mwanayo ali pamwendo. Apa ndi pa ziro, ndime imene anaisula mpaka inasalala, yonena kuti pulogalamu iime n'kuchenjeza, isapitirire. Kenako analemba mawu otsanzika. Poyamba anatuluka aatali ndi owawa, koma chizolowezi ndi chizolowezi. Anadula, anasalaza, anawerenganso ngati mlendo wongofika kumene, mpaka panatsala ziganizo ziwiri zoti ngakhale mwana sangasochere: buku ili silikugwiranso ntchito, ndipo malamulo a Velmo tsopano ali pa tsamba lakuti. Dzina lake, limene linali pansi pa mutu wa buku, analichotsa yekha, poti chinthu chotsekedwa sichikhala ndi msungi. Anadina batani, tsamba linasanduka lotuwa.

Anatsegula masamba atsopano aja. Anali oyera bwino, osanjika, ofulumira kutseguka. Anafufuza za kugawa, ndipo anapeza mzere umene makina analemba okha, wopanda dzina la munthu aliyense: nambala ikagawidwa ndi ziro mwa njira yakuti, yankho ndi ziro.

Cholakwikacho anachilembadi pabwalo tsiku lomwelo, poyera, ndi mzere wake, ndi dzina la bambo Aziz pambali pake. Sizinamuvute n'komwe, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa zonse, kuona kuti chinali chinthu chophweka chotere. Yankho linabwera asanamalize kutsuka m'manja, kuchokera kwa mnyamata wina watsopano amene Edmore sankamudziwa. Anamuthokoza chifukwa cholemba, n'kumuuza kuti wayang'ana pa masamba a malamulo ndipo pulogalamu ikuchita ndendende zimene zalembedwa. Anamulangizanso mokoma mtima kuti ulendo wina aziyamba wawerenga malamulo a Velmo asanalembe.

M'mawa mwake sitima ya ku Mabopane inafika pa Soshanguve itadzaza monga mwa masiku onse. Edmore anakankhana nawo mpaka pakona pake, anaika chikwama pakati pa miyendo, n'kutulutsa foni. Anaiyang'ana kanthawi, chala chili m'mwamba. Kenako anaibweza m'thumba, n'kugwira chitsulo ndi manja awiri ngati wina aliyense.